Singano Imene Sinapezeke

"Mwaba mwana, alamu. Mwamuba pabere la mayi wake, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mukupukuta galasi ngati palibe chachitika."

Tsabola analankhula mawuwa ataima kutsogolo kwa basi, m'kati mwa depoti, anthu akukwera ndi akatundu awo. Alamu ake anali atakwera pabampala, kansanza kali m'manja. Anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene wamva. Anamva ambiri. Mayi wina yemwe anali atayika kale phazi limodzi pakhomo la basi analibweza phazilo n'kuima kuti amve bwino.

Alamu anatsika, namukokera kuseri kwa basi komwe kunali fungo la dizilo ndi mikodzo. Analankhula motsitsa mawu. Anati munthu saba mwana wake yemwe. Anati mwanayo ali kwa agogo ake, akudya, akugona, akusamba. Anati Tsabolayo ndi mwana, sanakwatiwe, sanabereke, ndipo tsiku limene adzamve mkazi akulankhula zimene achemwali ake analankhula, adzadziwa kuti mwamuna amagona bwanji ndi diso limodzi. Kenako anayang'ana wotchi n'kunena kuti basi ikuchedwa.

Tsabola anawaonerera akukwera. Pa lamba wawo panalendewera mulu wa makiyi, ndipo pakati pa makiyi a basi panali kakiyi kakang'ono koyera, ka loko wa bokosi lachitsulo la kunyumba. Kakiyiko kanamuwawa kuposa mawu onse aja.

Dzina loti Tsabola anamupatsa akadali wamng'ono, ndipo sanachitepo chilichonse choti alifafanize. Ankakonza mafoni ndi mawailesi pakabenchi ka pakhonde la sitolo ina, ntchito imene anaphunzira yekha pophwasula zinthu za eni ake n'kumakalipiridwa. Ankakhala kwa achemwali ake, m'kachipinda ka kumbuyo, chiyambire pamene mimba ya achemwaliwo inakula.

Achemwaliwo anali telala. Osati telala wa zigamba ayi. Anali telala woti akangokuyang'ana kamodzi, tepi ankaitenga mongokulemekeza. Ankayika maphini kukamwa n'kumakamba nkhani osameza ngakhale imodzi. Atabereka mwana wamwamuna, anthu a m'nyumbamo anamutcha Kapitawo, chifukwa akangolira aliyense ankasiya chimene wagwira n'kuthamanga.

Zonse zinayamba ndi singano. Tsiku lina achemwali ankasoka kamalaya ka Kapitawo, singano ya makina n'kuthyoka. Chapamwamba chinatsala m'makina, kansonga kanadumpha. Zimachitikira telala aliyense. Anasesa, anakutumula nsalu, anayenda chokwawa pansi, koma kansongako sikanaoneke. Tsabola atabwera kuchokera kuntchito anawapeza akadali chogwada, mwana akulira pabedi. Anaseka, nati zimenezo ndi zazing'ono. Mawa lake anatsegula sipika yakufa, nachotsamo maginito aakulu ngati mbale ya kapu, n'kukawapatsa. Anati mungoyendetsa pansi, chitsulo chilichonse chibwera chokha.

Maginito anatola maphini akale, kamsomali, ndi kachitsulo ka zipi. Kansonga ka singano sikanabwere.

Kuyambira pamenepo maginitowo sanachokenso m'manja mwawo. Ankawayendetsa pamphasa, pabulangete, pa thewera lililonse asanamuveke mwana. Akamaliza ankakayikira ngati ngodya ina anaifika, n'kuyambiranso. Zovala zonse zimene anasokera Kapitawo ndi manja awo anazimasula misoko, umodziumodzi, mpaka kabudula anasanduka tizidutswa. Madzi osambitsa mwana ankawasefa pansalu. Asanayamwitse ankayendetsa maginito pabulauzi, m'manja, ngakhale pabere penipenipo, mwana akukuwa mpaka kusasa mawu. Ndiye panali funso.

"Sindinasiye kanthu pamenepa eti?"

Tsabola ankayankha kuti palibe. Achemwali ankapuma, mapewa n'kutsika. Koma mpumulowo unali wa dontho la madzi pachiwaya chamoto. Posakhalitsa funso linkabweranso, litangosintha malaya. Waona bwinobwino? Unayang'ana ndi kumunsi komwe? Ukunena zoona kapena ukungofuna ndikhale chete? Tsabola, yemwe sankatha kupirira kasitomala wofunsa mtengo kawiri, ankayankha funsoli kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mano ali chikukutu, chifukwa ankaona kuti ndiko kukonda mbale.

Kenako achemwali anasiya kukhudza sizasi. Akaiona patebulo ankatuluka m'chipindamo chobwerera m'mbuyo. Anapempha amuna awo kuti aichotse. Alamu anachita zoposa zimene anapemphedwa. Anatenga sizasi zonse, singano, maphini, mutu wa makina, ndi mipeni ya kukhitchini, natsekera m'bokosi lachitsulo. Kwa milungu ingapo nyumba yonse inkadula tomato ndi m'mphepete mwa supuni. Makasitomala anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Aliyense ankati akuthandiza, ndipo achemwali ankangoondera.

Apongozi awo, mayi a alamu, atabwera kudzaona mdzukulu, anawapeza akuyendetsa maginito pamutu pa khanda. Sanakalipe. Anakhala nawo pamphasa, nawagwira dzanja, nawauza kuti iwonso ndi mayi, anene chimene chikuwadya. Achemwali, amene anali atasunga chinthucho m'mimba kwa nthawi yaitali, anakhulupirira dzanja lija. Anati m'mutu mwawo mumabwera chithunzi. Amadziona atagwira sizasi, mwana ali gone, ndiyeno dzanja likutsika. Anati safuna, amanyansidwa, amapemphera kuti chichoke, koma akamachithamangitsa m'pamene chimabwera kwambiri.

M'mawa mwake apongozi anamanga matewera m'chikwama, nabereka Kapitawo. Alamu ananyamula chikwamacho mpaka pamsewu.

Tsabola atachoka ku depoti kuja sanapite kubenchi yake. Anabwerera kunyumba. Anapeza achemwali atakhala pansi pafupi ndi bedi, msana kukhoma, kutsogolo kwa bulauzi kutanyowa mkaka mbali zonse ziwiri. Mabere anali atatupa, olimba ngati miyala. Maginito anali pamwendo pawo, ngakhale munalibe mwana woti amuteteze.

Tsabola anawauza kuti wawatukwana alamu pamaso pa anthu. Ankayembekezera kuti mwina amwetulira. M'malo mwake achemwali anati walakwa. Anati apongozi achita bwino, mwana ali pabwino, ndipo mayi woganiza zotero sayenera kusungidwira khanda. Analankhula modekha ngati akuwerenga chigamulo cha munthu wina.

Apa m'pamene Tsabola anapsa mtima zenizeni. Alamu akanatha kulimbana nawo, apongozi akanatha kulimbana nawo, koma munthu woberedwa akamathokoza wakuba, uyambira pati? Anatsegula kabati, natulutsa bulauzi youma n'kuwaponyera.

"Valani. Ngati ndinu chigawenga, akatiuze odziwa. Osati dalaivala wa basi."

Kuchipatala anawatumiza kukachipinda ka kumapeto kwa khonde lalitali, kumene anthu odikira pabenchi sankayang'anana. Achemwali anafuna kubwerera pakhomo penipeni. Anati akanena, awatsekera, ndipo mwana sadzamuonanso. Tsabola anawagwira mkono ngati wapolisi.

Dokotala anali mayi wa thupi, wovala nsapato zakutha mbali imodzi. Anamvetsera nkhani ya singano, ya maginito, ya misoko. Pofika pa sizasi achemwali anabisa nkhope, mawu n'kumatuluka odukaduka. Tsabola ankayang'anitsitsa nkhope ya dokotalayo, atakonzeka kulumpha ikangosintha. Sinasinthe. Dokotala anafunsa mafunso ambiri, ena olimba. Anafunsa ngati amamva mawu a anthu osaoneka, ngati amaona kuti mwanayo si wawo kapena ali ndi choipa m'thupi, ngati chithunzicho chikabwera amamva kufuna kapena amamva mantha, ngati anaganizapo zodzipweteka okha. Achemwali anayankha limodzilimodzi. Pomaliza dokotala anayika cholembera pansi.

"Mayi, inu si woyamba kukhala pampando umenewo ndi nkhani imeneyi. Matenda anu ali ndi dzina. Timawatchula ndi zilembo zitatu, OCD. Ndipo munthu wofuna kupweteka mwana sapempha mwamuna wake kuti atsekere sizasi."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Anati maganizo oipa odzera mwadzidzidzi amabwera kwa munthu aliyense, wabusa kaya mphunzitsi, makamaka kwa makolo a khanda amene sagona mokwanira. Ambiri amangogwedeza mutu, ganizo n'kupita. Koma mu ubongo muli njira imene ntchito yake ndi kukuwa kuti pali ngozi, ndi inanso yonena kuti basi taona, palibe kanthu. Mwa anthu ena yokuwayo siizima. Mauthenga a m'minyewa, amene amayenda mothandizidwa ndi timadzi tina ngati serotonini, amangozungulira malo amodzi. Kubereka, ndi kusintha kwa thupi kumene kumadza nako, kumatha kudzutsa vutoli mwa munthu amene analitengera kumtundu. Anafunsa ngati kwawo kunali wina wotere.

Tsabola ndi achemwali anayang'anana. Malemu bambo awo anthu ankawatcha Abwereranso. Ulendo uliwonse ankafika pamsewu n'kubwerera kukagwedeza loko wa pakhomo, kufikanso pamsewu n'kubwereranso, ana ataima padzuwa ndi zovala za kutchalitchi. Mudzi wonse unkaseka, iwonso ankaseka nawo. Tsabola anakumbukira tsopano kuti bambo akamaseka choncho, m'khosi mwawo munkatsika thukuta.

Anakumbukiranso china. Tsiku limene Kapitawo anatuluka kuchipatala, alamu anaitana anzawo a ku depoti. Nkhani zitakoma, alamu anati pali mlatho wina wautali umene akamadutsapo, basi itadzaza, mumtima mumabwera kamawu koti tangopotoza chiwongolero tione. Anzawo anagwa nako kuseka, wina nati iyenso zimamuchitikira pa phiri. Apongozi anali pomwepo, ndipo anangoti mwana wopusa iwe, uku akuseka. Mawa lake alamuwo anadzuka n'kukanyamula anthu. Tsabola anaisunga nkhaniyi ngati mwala m'thumba.

Dokotala anati mankhwala alipo. Mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku, a mtundu umene mayi angamwe akuyamwitsa, koma sagwira msanga, amafuna milungu ingapo ndipo osawasiyira panjira. Mankhwala aakulu, anati, ndi ntchito yowawa. Kuyandikira chimene ukuopa pang'onopang'ono, kuyambira chaching'ono, n'kukana kuchita mwambo umene umakupumitsa. Mantha amakwera, amafika pamwamba, kenako amatsika okha, ndipo ubongo umaphunzira kuti unakuwira pachabe. Koma ukathamangira maginito, ubongo umati mwaona, tapulumuka chifukwa cha maginito, mawa udzakuwa koposa.

Kenako anatembenukira kwa Tsabola n'kufunsa kuti maginitowo anabwera ndi ndani, ndipo funso lija amayankha ndi ndani.

Tsabola anati ndi iyeyo, nanga akanatani, akanawasiya akulira? Dokotala anati sakumuimba mlandu, mabanja onse amatero. Koma yankho lililonse ndi chakudya cha matendawa, chimodzimodzi bokosi lokiya lija. Kuyambira tsopano akafunsidwa azinena kamodzi kokha kuti limenelo ndi funso la matenda, sindiyankha, ndiyeno akhale nawo pafupi mpaka mantha atsike. Anatinso bambo a mwana abwere adzamve okha, ndipo mwana abwerere kwa mayi wake, chifukwa kumuchotsa ndiko kuuza matendawa kuti ankanena zoona.

Alamu sanapite. Tsiku loyamba anati ali ndi ulendo wautali. Lachiwiri anati bwana sawalola. Lachitatu analankhula zoona. Anati amayi awo anena kuti utsi sufuka popanda moto, ndipo dokotalayo zikavuta sadzabwera kudzakumba nawo manda. Anawonjezera kuti kuchipatala cha amisala iwo sapondako, anthu a ku depoti angamve. Tsabola anati anthu a ku depoti anamva kale zambiri, ndipo iye angathe kukawonjezera. Alamu anatseka chitseko cha kuchipinda.

Ntchito inayamba popanda iwo. Tsabola anabwereka sizasi kwa mayi woyandikana nawo nyumba. Tsiku loyamba inangokhala patebulo, achemwali atakhala pampando moyang'anizana nayo. Tsiku lina anaigwira. Tsiku lina anadula nayo kansalu, kabulangete ka Kapitawo kali pambali. Atamaliza anayang'ana kabulangeteko, dzanja n'kuyamba kufunafuna maginito. Maginito anali atabwerera kubenchi ya Tsabola, kumene ankagwira timasikuluu ta mafoni.

"Palibe chagwerapo eti? Iwe, tangoyang'ana kamodzi."

Tsabola ananena mawu a dokotala aja. Achemwali anapempha, ananyengerera, kenako anatukwana. Anati ndi mwana wopanda chisoni, anamulera okha mayi atamwalira, ndipo lero akuwamana liwu limodzi lokha. Tsabola analuma mlomo mpaka kumva mchere wa magazi. Moyo wake wonse anali asanasungepo yankho m'kamwa. Anakhala pansi pafupi nawo, phewa kuphewa. Patapita nthawi kupuma kwa achemwali kunayamba kutsika. Anapukuta nkhope, nayang'ana sizasi ija, nati ndi yobuntha, mwini wake amadulira waya kapena chiyani. Aka kanali koyamba kulankhula ngati telala chichokereni mwana.

Koma mkaka unkachepa. Ankafinyira m'kapu m'mawa ndi madzulo monga anawauzira kuchipatala, ndipo tsiku lililonse kapuyo inkafika pamunsi kuposa dzulo lake. Ndiye Lachisanu mayi wa sizasi uja anabwera ndi nkhani imene anamva kumsika. Apongozi akunyamuka mawa ndi mwana, kupita kwa mwana wawo wamkazi, kutali, kumene basi imayenda tsiku lathunthu. Akuti akakhale kumeneko mpaka zinthu zitaoneka bwino. Wowatenga ndi alamu omwe.

Achemwali atamva anayamba kunena kuti mwina ndi bwino. Tsabola anawadula. Anati ngati ndi bwino akanene okha pamaso pa mwanayo.

Anafika kwa apongozi dzuwa litapendeka. Pabalaza panali zikwama ziwiri zomangidwa kale, chitini cha mkaka wa m'sitolo chili pamwamba. Alamu anali pampando, akadali mu yunifolomu. Kapitawo ankalira kuchipinda, kulira kotopa kwa mwana amene walira kuyambira kale.

Apongozi anawalandira mwaulemu wozizira. Sanali mfiti, ndipo chimenechi chinkamukwiyitsa Tsabola koposa. Maso awo anali ofiira chifukwa chosagona, msana utapindika ndi kubereka khanda pa msinkhu wawo. Anati iwo sadana ndi mpongozi wawo. Anati anamva ndi makutu awo, osati kuuzidwa, ndipo mayi amene wamva mawu otero n'kusiya mdzukulu pomwepo, Mulungu adzamufunsa. Anati kulakwa posamala kuli bwino kusiyana ndi kulira pamanda.

Tsabola anafotokoza zonse zimene dokotala ananena, mmene akanathera. Anati zili ngati hutala ya basi ikakakamira, imangolira msewu uli mbee, ndipo wanzeru amakonza hutala, sathamangitsa anthu m'basi. Ananena za mapiritsi, za sizasi yobwereka, za bambo awo ndi loko. Apongozi atamva za bambowo anangoti ndiye kuti ndi za kumtundu, nayang'ana mwana wawo ngati akuti wamva. Alamu ankayang'ana nsapato zawo.

Tsabola anatulutsa mwala uja.

"Alamu, pamlatho paja pamabwera kamawu kotani?"

Alamu anadzutsa mutu. Anati sakudziwa chimene akunena.

"Mukudziwa. Munanena nokha, mwana atangobwera kumene, amayi ali pomwepo. Basi yodzaza anthu, ana ndi azimayi apakati, inu mumtima mukuti tangopotoza tione. Munaseka, anzanu anaseka, amayi anaseka. Ndani anakulandani kiyi? Ndani anatsitsa anthu m'basi mwanu? Mawa mukudutsa pamlatho womwewo ndi mwanayu."

Apongozi anati zimenezo zinali nthabwala za amuna. Tsabola anati inde, mwamuna akanena ndi nthabwala, mkazi akanena akulira ndi umboni. Anati kusiyana kwake n'kumodzi kokha. Alamu ganizo lawo amalilavula n'kuiwala, pomwe achemwali lawo linawaopsa mpaka anasiya ntchito, anasiya kudya, anapereka mwana, ndipo malipiro a mantha amenewo ndi zikwama ziwirizi.

Alamu anayang'ana zikwamazo.

Palibe anaona nthawi imene achemwali anaimirira. Anangozindikira kuti kulira kwasuntha, kukubwera pabalaza. Achemwali anatuluka kuchipinda atanyamula Kapitawo motalikitsa manja, ngati mbale yodzaza madzi otentha. Anati mwanayu wanyowa. Apongozi anadzuka kuti amulandire, koma achemwali anali atagwada kale, atamugoneka pansalu.

Atatsegula kabudula wa pulasitiki anaima. Apongozi ankamanga matewera mwachikale, ndi phini wamkulu wachitsulo, pamimba penipeni.

Tsabola anaona magazi akuchoka pankhope ya achemwali ake. Chiyambire matendawa anali asanagwirepo chitsulo chosongoka mwana ali pafupi. Kwa dokotala anagwirizana kuti zimenezo zidzabwera kumapeto. Anafuna kugwada kuti awamasulire, koma anakumbukira kuti manja ake ndi amene anabweretsa maginito. Anawapinda kumbuyo.

Koma zala za achemwali zinali zala za telala. Zinatsegula phini, zinamusolola, zinabaya phiniyo pa bulauzi yawo monga ankachitira pantchito. Anachotsa thewera lonyowa, anapukuta mwana, anapinda louma. Kenako anayika zala ziwiri pakati pa nsalu ndi mimba ya mwana, nalowetsa phini, natseka. Kapitawo ankaponya miyendo, akukuwa.

Achemwali anatembenuka. Thukuta linali litatsika mpaka pachibwano.

"Ndamubaya eti? Akulira choncho chifukwa ndamubaya?"

Ankafunsa Tsabola. Apongozi anatambasula dzanja kuti avule mwanayo aone, alamu nawo anayamba kunena kuti ayi, sunamubaye. Tsabola anaima pakati pawo. Anati aliyense akhale chete. Kenako anayang'ana achemwali ake m'maso, nanena motsitsa kuti limenelo ndi funso la matenda, ndipo sayankha.

Dzanja la achemwali linapita pa thewera, linafika pa phini, linaima pamenepo. Linkafuna kumasula, kuyang'ana, kumanganso, kumasulanso. Tsabola ankaliona likulimbana lokha. Kenako linachoka pa phini n'kupita kumabatani a bulauzi. Anamunyamula mwana, namuyika pabere. Kapitawo anakana kaye, atazolowera botolo, anapukusa mutu, analira mokwiya. Kenako anagwira. Kulira kunaduka ngati wina wazimitsa wailesi, ndipo m'chipinda monse munkangomveka kumeza.

Achemwali ankalira chamumtima, maso ali kudenga kuti asayang'ane thewera. Mantha anali asanachoke, ndipo Tsabola ankadziwa kuti mawa adzabweranso, ndi mkuja yemwe. Koma mwana anali m'manja mwa mayi wake, phini ali pamalo pake.

Apongozi anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana zikwama. Sanapepese, sanavomere. Anangoti iwo ndi agogo chabe, mwana ali ndi bambo wake, anene yekha.

Alamu anayamba kunena kuti nkhani ngati imeneyi imafuna kukhalirana pansi, mwina aitane amalume, mwina ulendo ungoimitsidwa kaye sabata imodzi aone mmene zikhalire. Dzanja lawo linali pa mulu wa makiyi, chala chachikulu chikusisita kakiyi koyera kaja.

Tsabola anakoka chikwama cha matewera n'kuchiyika pakati pa chipinda, patsogolo pawo penipeni.

"Amalume sanalumbire kuti adzakhala ndi mkaziyu pa matenda. Munalumbira ndinu. Chikwamachi munachinyamula nokha pochoka, ndiye mutiuze chikulowera kuti. Mwanayu akugona kwa mayi wake lero kapena ayi? Bokosi lija mukutsegula kapena ayi? Lolemba kwa dokotala mukupita kapena ayi? Musayang'ane amayi, alamu. Mkazi wanu wafunsa mafunso miyezi yonseyi ndipo ife tamuyankha mpaka kumudwalitsa. Lero wofunsidwa ndinu. Yankhani."